Mvula ikathimitsa magetsi ku Joni: ndalama yanu ipite pa gasi, batire, sola kapena jenereta?

Load shedding inatizoloweza chinthu chimodzi chimene chimatipweteka mvula yamkuntho ikabwera. Tinazolowera kuti magetsi akapita timadziwa ola limene abwerere. Mu 2023, chaka chimene kuthimathima kunafika poipitsitsa muno mu South Africa, aliyense anali ndi ndondomeko yake pafoni. Munthu unkaphikiratu, kutchajiratu foni, n'kudikira maola awiri kapena anayi, basi. Zambiri zimene tinagula nthawi imeneyo zinapangidwira mdima waufupi wotero, mdima umene ukatha umapatsa batire mpata wodzazanso.

Mdima wobwera ndi nyengo ndi wamtundu wina. Mtengo ukagwera mawaya, madzi akalowa mu substation, mphenzi ikamenya thiransifoma, palibe amene angakuuzeni kuti abwera liti. Mu Disembala 2022 mvula inawononga kwambiri ku Soweto ndi ku Roodepoort moti akuluakulu a mzinda anachita kupempha Eskom, kampani ya magetsi ya boma, kuti iwapumitse load shedding kwa masiku atatu, kuti anthu a City Power, kampani ya magetsi ya mzindawu, apeze mpata wokonza zowonongeka. Pa 13 Novembala 2023 matalala anaswa magalasi a magalimoto ndi mawindo ku Midrand ndi madera ena a mzinda. Mvula ya kuno imayamba cha mu Okutobala mpaka cha mu Malichi, ndipo kawirikawiri imabwera masana kukapendeka dzuwa: kumwamba kuda bii, mabingu, mphepo, ola limodzi yatha, koma dera lonse lili mumdima. Ikapita mvula kumabwera chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene nyumba iliyonse imayatsa hita ndipo mathiransifoma amapsa chifukwa cholemedwa. Amene tinali kuno pa 10 Julayi 2023 tikukumbuka chipale chofewa chikugwa mu Johannesburg.

Choncho musanatulutse marandi anu, funsani chinthu chimene mukufuna kugulacho mafunso awiri. Magetsi akapanda kubwera mawa ndi mkuja, chidzandithandizabe? Ndikasamuka, ndinyamuka nacho? Funso lachiwirili ndi lathu ife makamaka, chifukwa Amalawi ambiri kuno tikukhala m'nyumba za lendi: chipinda chakuseri ku Rosettenville kapena ku Turffontein, fulati ku Yeoville kapena ku Berea, kachipinda ka pamalo a bwana ku Randburg, mkuku ku Diepsloot. Denga si lathu, mita si yathu, mawaya a m'khoma si athu.

Kuwala ndi foni ndiye poyambira, ndipo apa mpikisano ndi wosavuta kuweruza. Kandulo ndi wotchipa, amapezeka pa spaza iliyonse, koma m'chipinda chimodzi momwe bedi, katani ndi zovala zopachika pakhoma zili pafupipafupi, kandulo ndi moto woyembekezera kuti wina agone. Chaka chilichonse ozimitsa moto a mumzinda muno amachenjeza za makandulo osiyidwa akuyaka. Ngati mulibe china, muimike m'botolo lagalasi lotakata kukamwa, muthiremo mchenga pansi, ndipo muzimitse musanakwere pabedi. Mababu otchaja aja amene amayaka okha magetsi akathima ndi abwino usiku woyamba, koma amangotha maola ochepa, ndipo potchaja pake ndi pa magetsi omwe apitawo. Chimene ine ndingagule poyamba ndi nyale ya LED yokhala ndi kasola kakekake, kamene mungaike pawindo kapena panja masana. Dzuwa la ku Joni ndi lambiri, ngakhale m'chisanu kumwamba kumakhala kuli mbee. Pambali pake pakhale tochi wamba wa mabatire ogula, chifukwa mabatire amenewo mukawasunga m'kabati sakudikira Eskom.

Foni nayo ndi moyo: ntchito ya maganyu imabwera pa WhatsApp, akumudzi amatifuna pomwepo, ndalama timatumizira pomwepo. Power bank ya 10,000 mAh imadzaza foni wamba pafupifupi kawiri, ya 20,000 mAh pafupifupi kanayi. Kwa banja, yaikuluyo ndiyo yoyenera. Vuto la ma power bank si kukula kwake ayi, koma kuti tsiku la mavuto timawapeza ali opanda kanthu chifukwa ana anali kuonera mavidiyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Imodzi ikhale yobisa, yodzaza, yosakhudzidwa. Bungwe la South African Weather Service limatulutsa machenjezo a mitundu itatu, achikasu, a olenji ndi ofiira, pa mlingo woyambira 1 mpaka 10. Mukamva chenjezo la Gauteng m'mawa, tchajani zonse musanapite kuntchito. Ka UPS kakang'ono ka rauta ya Wi-Fi, kabatire kamene kamaisunga ikuyaka magetsi akathima, n'kothandiza kwa amene amagwirira ntchito kunyumba, koma dziwani kuti mdima ukatalika nsanja za netiweki nazonso mabatire ake amatha, ndiye nambala zofunika zilembedwe papepala.

Nkhani imene ndikufuna tichedwepo ndi yophika, chifukwa apa ndi pamene ndalama imagwira ntchito yooneka, komanso apa ndi pamene anthu amafa.

Pali njira zitatu zimene timaziona m'makomo mwathu: gasi, palafini ndi mbaula. Gasi ndi amene ndimalimbikitsa popanda kukayika. Kulowa kwake kumawawa, chifukwa silinda yoyamba mumagula ndi chitsulo chake chomwe, kuphatikizapo sitovu, payipi ndi regulator. Koma mukangolowa, silinda ya makilogalamu 9 imaphikira banja laling'ono masabata angapo, mumaisinthitsa pa garaja kapena pa shopu ya zomangira, ndipo mtengo wokwera kwambiri umene wogulitsa angatchaje umaikidwa ndi boma. Nsima imapsa monga mwa masiku onse, madzi osamba a ana asukulu amatentha, tiyi wa m'mawa alipo. Mukasamuka mumainyamula pa bakkie limodzi ndi bedi. Malamulo a kuno amalola gasi wosapitirira makilogalamu 9 mkati mwa fulati ndi 19 mkati mwa nyumba yoima payokha, ndipo mafulati ena amakaniziratu, ndiye funsani oyang'anira nyumba musanagule.

Gasi amafuna ulemu. Ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akamatuluka samauluka kupita kudenga, amakhala pansi, pamene mwana wagona pamatiresi. Mukalumikiza silinda yatsopano, sungunulani sopo m'kapu, mupake thovulo polumikizira ndi m'payipi monse, kenako mutsegule gasi osayatsa. Mukaona timathovu tikufufuma pamalo amodzi, pamenepo pakudontha. Tsekani, musayese ndi machesi. Mukamaliza kuphika, tsekani pa silinda penipeni, osati pa sitovu pokha. Ndipo pewani odzaza gasi a kuseri amene amathira mopitirira muyeso kapena m'masilinda adzimbiri.

Palafini kulowa kwake n'kotchipa, mumagula lita imodzi malinga ndi thumba la tsikulo, n'chifukwa chake ambiri m'mikuku amamudalira. Sindinyoza munthu amene akuphikira palafini poti ndi amene angakwanitse. Koma masitovu ena otchipa amadontha, akagwedezeka amagwa ndi moto womwe, utsi wake umalowa m'zovala ndi m'chifuwa. Choopsa china ndi botolo. Palafini wothiridwa m'botolo la zakumwa mwana amamuona ngati madzi, ndipo mumdima ngakhale wamkulu angasokoneze. Mwana akamwa palafini musamusanzitse, musamupatse mkaka, thamangani naye kuchipatala. Ngati mukugwiritsa ntchito palafini panopa, cholinga chikhale kusunga pang'onopang'ono mpaka mugule silinda, ngakhale yaing'ono ya makilogalamu 3 kapena 5.

Mbaula tonse tinakula nayo, ndipo panja ilibe mlandu. Pabwalo, masana, kuphikirapo nyemba kapena kuotcha chimanga, palibe choletsa ngati landilodi walola. Mlandu umabwera usiku wa Julayi, magetsi kulibe, kuzizira kukulowa m'mafupa, munthu n'kunena kuti makala ayaka bwino, utsi watha, ndiilowetse pang'ono chipinda chifunde. Makala ofiira opanda utsiwo ndi amene amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka komanso wosanunkha. Umayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire, mseru, kenako tulo tokoma, ndipo munthu sadzukanso. Zipinda za kuno timazitseka kwambiri m'chisanu, nsanza pansi pa chitseko, nyuzipepala m'ming'alu ya windo, ndiye mpweyawo ulibe potulukira. Abale anga, tanyamula maliro okwanira kuchoka ku Joni kupita kumudzi. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale kwa ola limodzi. Kufunda usiku kuchokere ku mabulangete, zovala zingapo zovala pamodzi, chipewa, ndi botolo la madzi otentha amene mwawiritsa pa gasi. Hita ya gasi imathandiza madzulo anthu ali maso, windo lili lotsegula pang'ono, koma nayonso izimitsidwe pogona.

Kuti gasi achedwe kutha, zakudya zathu zomwe zimatithandiza. Usipa ndi matemba ouma amene amabwera pa basi kuchokera kumudzi sapempha firiji ndipo amapsa msanga. Soya pieces, mazira, nsomba za m'chitini, chiponde, ufa, mpunga, zonsezi zimadikira. Nyemba ndiye zimadya moto; zinyikeni usiku wonse, ziwire kaye bwinobwino, kenako muike poto wake mu Wonderbag, chikwama chija chosunga kutentha, kapena mumukulunge m'bulangete lochindikala kuti zipitirize kupsa zokha. Fulasiki yaikulu imapulumutsa kuyatsa sitovu kangapo pa tsiku, makamaka pakhomo pamene pali khanda.

Tsopano inverter, makina osandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi oyatsira zinthu za pakhomo, imene ambiri amailakalaka. Tiyeni tiwerenge. Ngolo zija za matayala zimene zinagulidwa kwambiri nthawi ya load shedding zambiri zili ndi batire la lead-acid la 12V 100Ah. Papepala limenelo ndi 1,200 Wh, kutanthauza kuti chinthu chodya mawati 100 chingayake maola 12. Koma batire lamtundu umenewu mukamalikhuthula kupitirira theka limafa msanga, ndiye chenicheni chimene muli nacho ndi pafupifupi 600 Wh. TV, rauta ndi mababu atatu pamodzi zimadya cha m'mawati 100, choncho maola asanu kapena asanu ndi limodzi zatha. Firiji wamba imafuna pafupifupi 1,000 Wh pa tsiku, ndiye batire limenelo silingaifikitse ngakhale tsiku limodzi. Ketulo imakoka mawati pafupifupi 2,000, mbale imodzi ya sitovu yamagetsi kupitirira 1,000, giza yotenthetsa madzi osamba cha m'ma 3,000. Zimenezi ngolo yaing'ono siinyamula n'komwe; imangolira n'kudzizimitsa. Ndipo ikatha imafuna maola ambiri pa magetsi kuti idzazenso, magetsi omwe kulibewo.

Sindikunena kuti ndi yachabe. Batire lomwelo mukaliletsa TV, n'kulisiyira mafoni ndi babu limodzi kapena awiri, lingakufikitseni masiku angapo, chifukwa foni imodzi kuti idzaze siifuna ngakhale 20 Wh. Amene muli nayo kale, usiku woyamba wa mvula musaigwiritse ntchito ngati kuti magetsi abwera pakati pa usiku. Amene mukufuna kugula, batire la lithium, makamaka lolembedwa LiFePO4, ndi lodula koma mungaligwiritse ntchito pafupifupi lonse, limadzaza msanga, limapirira kutchajidwa kambirimbiri, ndi lopepuka. Mabokosi onyamula m'manja otchedwa power station ambiri ali ndi polumikizira sola yopinda, ndipo pamenepo ndiye pamene batire limasanduka chida cha mdima wautali, chifukwa lapeza kodzazira kwina. Za ngolo zakale zogulitsidwa pa Facebook chenjerani nazo: bokosi limaoneka latsopano koma batire lake linatopa kale ndi load shedding yoopsa ija ya Stage 6.

Amene inverter imawayenera kwenikweni ndi amene magetsi ndi ntchito yawo. Telala wa makina amagetsi, wometa tsitsi, wokonza mafoni, wogwira ntchito pa kompyuta: kwa iwowa tsiku la mdima ndi tsiku lopanda ndalama, ndipo batire labwino limadzibweza lokha. Kwa banja longofuna kudya, kuona ndi kuimba foni, ndalama imeneyo iyambe yagula gasi.

Sola ya padenga ndi ya eni nyumba, ndipo sindichedwapo. Chimodzi chokha chimene ambiri sadziwa: sola yolumikizidwa ku magetsi a mzinda yopanda batire imadzizimitsa magetsiwo akathima, pofuna kuteteza amene akukonza mawaya. Choncho mapanelo ambiri padenga si chitsimikizo choti m'nyumba mukuwala. Imafunanso katswiri wovomerezeka, satifiketi ya CoC yotsimikiza kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo, kulembetsa kwa amene amakupatsani magetsi, ndi inshuwalansi chifukwa cha matalala a kuno. Ngati mukukhala pamalo a bwana pamene pali sola, funsani mwaulemu ngati chipinda chanu chinalumikizidwa ku mbali ya batire, komanso zimene mukuloledwa kuyatsa. Ndi bwino kudziwiratu kusiyana n'kugwetsa nyumba yonse ndi ketulo yanu usiku wa mvula.

Jenereta ili ndi ubwino umodzi umene zinazi zilibe: bola petulo alipo, imayaka, tsiku lachitatu ngati loyamba. Kwa amene ali ndi mafiriji a bizinesi, wogulitsa nyama, nkhuku kapena nsomba, ingapulumutse katundu wa ndalama zambiri, ndipo safunika kuiyatsa tsiku lonse. Maola angapo m'mawa ndi madzulo amasunga kuzizira. Koma imadya petulo, imasokosera, akuba amaimva patali, ndipo m'mafulati ndi m'makompuleksi ambiri ndi yoletsedwa. Utsi wake ndi carbon monoxide yemwe uja. Iyenera kukhala panja, mamita osachepera 6 kuchokera pa zitseko ndi mawindo, pamalo posanyowa. Ndiuzeni, pa yadi ya zipinda zisanu ndi zitatu zoyang'anizana, mamita 6 amenewo muwapeza kuti? Kuiika m'khonde kapena m'bafa poopa akuba ndi kuika moyo wa anthu onse a payadipo pachiswe. Komanso musailumikize pa soketi ya pakhoma kuti iyatse nyumba yonse. Magetsi ake amabwerera m'mawaya a kunja ndipo angaphe munthu amene akukonza. Kwa munthu wa lendi m'chipinda chimodzi, jenereta ndi yomaliza pa mndandanda, ndipo kwa ambiri isakhalepo n'komwe.

Nanga nyama ya mufiriji? Apa chida chachikulu ndi kusatsegula. Firiji yotseka imasunga chakudya pafupifupi maola 4. Freezer yodzaza imatha maola 48, yodzaza theka maola 24. Mipata yopanda kanthu muikemo mabotolo a madzi aume. Magetsi akapita asamutsireni ena kumunsi kuti mkaka ndi ndiwo zizizirebe, ndipo akasungunuka ndi madzi akumwa. Nyengo ya mvula si nthawi yogula nyama ya mwezi wonse pa tsiku la malipiro. Mdima ukafika tsiku lachiwiri, phikani imene yayamba kusungunuka, mudye ndi anansi. Amene mumasunga insulin kapena mankhwala ena ofuna kuzizira, funsiranitu ku kiliniki kuti angakhale nthawi yaitali bwanji kunja kwa firiji, ndipo mukhale ndi kabokosi kosungira ayezi.

Madzi ambiri timawaiwala, chonsecho kuno madzi amayenda ndi magetsi. Mu Malichi 2024 mphenzi inagwetsa magetsi opita ku Eikenhof, kumene Rand Water imapopera madzi a mbali yaikulu ya Johannesburg, ndipo madera ambiri anakhala masiku angapo mipopi ili youma. M'nyumba zosanja za ku Hillbrow ndi Berea, pampu yokweza madzi kumtunda ikaima, lifiti nayo yaima, ndiye ndowa imakwera masitepe pamutu. Zigubu ziwiri za malita 20 kapena 25 zotsekeka bwino ndi zotchipa kuposa chilichonse chimene ndatchula pano. Madzi ake muziwasintha, osawasiya miyezi.

Mukandifunsa kuti ndalama zochepa ziyambire pati, ndinganene motere: mwezi uno zigubu, nyale yasola ndi power bank, miyezi iwiri kapena itatu yotsatira gasi ndi sitovu yake, dzinja lisanafike, batire la lithium pambuyo pake ngati ntchito yanu ikulifuna. Pa yadi imodzi mungathenso kugawana: wina ali ndi gasi, wina ali ndi inverter yotchajira mafoni, m'malo moti aliyense agule zonse. Kandalama kogwira m'manja kakhaleponso, chifukwa netiweki ikagwa makina a khadi pa shopu sagwira.

Mvula ikagwa, zulani mapulagi a TV, firiji ndi machaja, chifukwa zinthu zambiri zimapsa ndi mphenzi kapena pa nthawi imene magetsi akubwerera mwamphamvu. Pulagi yoteteza firiji, ija imadikira mphindi zingapo isanalole magetsi kulowa, ndi yotchipa poyerekeza ndi firiji yatsopano. Waya wogwa pansi musamuyandikire ngakhale akuoneka wakufa, makamaka pamene pali madzi, ndipo ana auzidwe zimenezi momveka. M'madera mmene muli mawaya olumikiza mwakuba oyenda pansi, mvula ikagwa mwana asatuluke wopanda nsapato. Pangozi imbani 112 pafoni ya m'manja, kapena 10177 pofuna ambulansi ndi ozimitsa moto.

Dziwaninso amene amapereka magetsi kwanuko. Mbali yaikulu ya mzinda ndi ya City Power, koma Soweto, Diepsloot, Ivory Park, Orange Farm ndi mbali ya Sandton zimalandira kuchokera ku Eskom, ndipo kudandaula kolakwika n'kutaya nthawi. Ife a lendi timakonda kuganiza kuti landilodi wanena kale, iyenso akuganiza kuti aneba anena. Afunseni bambo kapena mayi a nyumba ngati apatsidwa reference number, nambala ya dandaulo lawo, muilembe, ndipo muitumize m'gulu la WhatsApp la m'dera lanu kumene khansala amaona. Kunena msanga n'kofunika chifukwa mawaya akakhala opanda magetsi nthawi yaitali akuba amapezerapo mwayi wowadula, ndipo vuto la tsiku limodzi limasanduka la sabata. Jambulani nambala ya mita lero, kukuwala. Ngati mita yanu ndi ya mayunitsi yokhala ndi kabokosi kobayira manambala m'nyumba, tsegulani kuseri kwake muone ngati kamafuna mabatire, mugule ena osungira. Amene mumakhala kumene geti ndi yamagetsi, funsani kumene kiyi wotsegulira pamanja amakhala, ndipo muyese kutsegula kamodzi masana mvula isanayambe.